Kumene Ndinagoneka Atate Anu

Khalani pansi, ana inu, ndipo mafoni anuwo muyambe mwawagoneka chafufumimba pathebulopo. Iwe Tadala, zovala zako za unamwino sizithawa, usita madzulo. Lerato, sendera kuno, pakuti Chichewa chako n'chotsimphina kuposa mwendo wangawu. Pamene pakukanike, mkulu wako akumasulira. Koma amene ndamuitanira msonkhano uno ndi iwe Limbani.

Sabata yathayi, pamene gulu lija linadutsa mumsewu wathu uno wa Troyeville ndi zibonga, likugogoda pazitseko ndi kufuna alendo, unalowa muno thukuta lili kamukamu. Unati zakukwana. Unati ngakhale unabadwira mumzinda uno, ndipo chiphaso chako n'cha dziko lino, dzina lako la Mbewe likukuperekabe kwa adani. Unati usiya ntchito, ukwere basi pa Park Station, ukamange nyumba kumudzi kwa agogo ako ku Dowa, kumene munthu sadzakufunsa kuti ndiwe wa kuti. Unatchula ndi mwambi womwe, wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo ndinadabwa kuti unautola kuti, iwe amene umati "eish" pamene anzako amati "kalanga ine". Tsiku limenelo sindinakuyankhe. Lero ndikuyankha, koma yankho la nkhalamba limayenda ndi ndodo, ndipo mupirire nalo. Funso ndi limodzi lokha: kodi kumudzi kwanga kuja kuli malo ako?

Ndili mwana, mudzi wathu unali waung'ono kwambiri, moti mayi akaitana mwana wake ali pamtondo, mudzi wonse unkamva, ndi agalu omwe. Kuseri kwa nyumba kunali tchire, kuseri kwa tchire kunali thengo la misuku ndi miwanga, ndipo kuseri kwa thengolo sitinkadziwako. Munda ukatopa sitinkaunyengerera ndi feteleza. Tinkausiya ugone, ukhale tsala, n'kukatema kwina. Mlendo akafika ndi mkazi wake ndi mphasa pamutu, akulu ankamukweza pachulu n'kumuuza kuti alime mpaka pamene msana wake ulekezere. Chosowa masiku amenewo chinali anthu, osati nthaka.

Anthu ankasowa chifukwa ana sankakhala. Amayi anga anabala ana ambiri, koma tinakula awiri okha, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Nambewe. Enawo anapita ndi chikuku, ndi chifuwa chokoka mtima, ndi kutsekula m'mimba kwa nyengo ya mvula. N'chifukwa chake mayina a anzanga anali odandaula: Maliro, Nditani, Tidzaona. Inu mumaseka mayina otere, inu a mayina otsekemera ngati zakumwa za m'botolo, koma mayi amene waika ana motsatizana satcha wotsatira wake dzina lonyada.

Ndinaphunzira kusukulu ya mishoni, mtunda wautali kuchokera kwathu, ndi sileti yong'aluka pakona ndi pensulo ya mwala imene ndinkaimangirira pakhosi ndi luzi. Aphunzitsi anatiphunzitsa kuwerenga Buku Lopatulika, kulemba Chingerezi chowongoka, ndi kuimirira munthu wamkulu akalowa. Chachitatuchi ndikuona kuti chinathera pa ine. Koma sukulu sinkapereka msonkho wa boma, ndipo mnyamata akangomera ndevu, msonkho unkamupeza. Atsibweni anga, ndiye kuti alongo awo a amayi, anabwera kuno ku Joni wapansi, ulendo umene unkatchedwa selefu, kudzera ku Tete ndi ku Halale, kugona m'mitengo poopa zilombo. Obwerera ankafika ndi bokosi lamalata lopaka maluwa, njinga, chipewa cha nthenga, ena ndi galamafoni imene inkaimba mpaka singano itatha. Osabwerera ankatchedwa matchona, ndipo dzina limeneli amayi ankalitchula motsitsa mawu ngati dzina la matenda.

Ine ndinabwera pa joini, pangano lolembedwa la kumgodi. Anativula, anatikweza pasikelo ngati matumba a mtedza, dokotala anatigogoda pachifuwa, ndipo opepuka anabwezedwa akulira. Tinakwera ndege, kenaka sitima yapamtunda, n'kutsikira mu komponi, mpanda waukulu wogonamo antchito. Anandipatsa fosholo, chisoti ndi nyale yapamphumi. Anandiphunzitsanso Fanakalo, chilankhulo chopanda moni, cha malamulo okhaokha. Tinkadya nyemba zofumbwa ndi mkate wouma, n'kutsitsira mahewu, ndipo kufikira lero fungo la mahewu limandikumbutsa chikepe chotsikira pansi pa nthaka. Pambuyo pake anaona kuti dzanja langa limalemba bwino, nandiika pa ukalaliki kuchipatala cha mgodi, kumene ndinaona zifuwa za anzanga zikuuma ndi fumbi.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti komponi inali mudzi wa amuna okhaokha, wopanda kulira kwa khanda, pamene kwathu kunatsala mudzi wa akazi, ana ndi nkhalamba. Tinali mtundu umodzi wong'ambidwa pakati ngati dzungu, chibenthu china kuno, china uko. Akazi ankafolera nyumba okha. Ana ankadziwa atate awo ndi jekete.

Ine ndinachona, ndipo anandichonetsa ndi agogo anu aakazi, Nomusa, Mzulu wa ku Natala, amene ankagwira ntchito m'khitchini ya azungu. Ndinasiya mgodi, n'kuyamba kusoka pakhonde la sitolo ya mmwenye kufupi ndi Mayfair, ndi makina opalasa ndi phazi. Mwendo uwu unathera pamenepo. Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Kwathu mwamuna sapereka ng'ombe. Amapita kumudzi kwa mkazi, n'kumanga nyumba kumeneko, n'kulimira apongozi. Dzina lake ndi mkamwini. Ana amene abadwe ndi a mkaziyo ndi alongo ake. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo munthu akafa amakagona kwa amayi ake. Koma kwa a Nomusa zinthu n'zotembenuka. Alongo ake anafuna ng'ombe, ndipo nditazipereka anandigwira chanza nandiuza kuti kuyambira tsopano mkazi ndi wanga, ana ndi anga, adzatchedwa dzina langa ndi kugona pakhomo panga. Ndinayenda modzitukumula masiku ambiri, ine Mchewa wokhala ndi ana akeake. Sindinadzifunse kuti khomo langalo lili kuti, pakuti ndinkagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni.

Anabadwa Davite, atate anu, mwana wathu mmodzi yekha. Ndinapita naye kumudzi kamodzi kokha, ali wa msinkhu wa sukulu, nyengo yokolola. Anamuphera nkhuku, anamusendera nzimbe, anamuphunzitsa kutafuna mbewa, ndipo aliyense ankamutcha mwana wathu. Anabwerako atakuta mudziwo mumtima, pakuti kuno, ngakhale Chizulu chake chinali chosalala kuposa cha omutukwanawo, dzina lake linkamutchetsa kwerekwere, mawu onyozera alendo, kusukulu ndi kuntchito komwe. Iwe Limbani sunayambe ndiwe.

M'zaka zimenezo ndinkapita kwathu mwa apo ndi apo, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza mudzi utasintha nkhope. Kunabwera sikelo ya ana ndi katemera, kunabwera mjigo wa madzi abwino, ndipo ana analeka kufa. Ichi ndimathokoza nacho Mulungu kufikira lero, ndipo munthu asakunamizeni kuti kale kunali bwino. Amene amatero sanakumbeko manda aang'ono. Ana a Nambewe anakula onse. Ana ake aakazi anabweretsa akamwini, namanga pozungulira nyumba ya mayi wawo, ndipo ana a iwowo anachita chimodzimodzi. Koma walira mvula walira matope. Munthu amabala munthu, nthaka sibala nthaka. Munda wa amayi anga, umene kale munthu ankatopa asanauzungulire, unagawidwa, n'kugawidwanso, mpaka aliyense anatsala ndi kachidutswa kopyapyala ngati lamba. Tsala linatha. Thengo linalowa m'moto, ndipo akazi anayamba kuphikira mapesi ndi zitsononkho. Dambo lodyetsa ng'ombe linasanduka madimba. Pomaliza mitengo yokha yotsala m'dera lonse inali ya kumanda, chifukwa nkhwangwa imaopa kumeneko, ndipo munthu ukaima paphiri unkaona timisitu timeneti tili apo ndi apo pakati pa nyumba ndi minda, ngati zigamba pansalu.

Pamenepo ulendo wa ku Joni unasinthanso. Ife tinkabwera amuna okha, ndi pangano, ndi tsiku lobwerera. Tsopano pitani pa Park Station m'mawa mukaone amene akutsika: atsikana obereka makanda, anyamata amene sanamere ndevu, aphunzitsi ndi anamwino, onse opanda tsiku lobwerera. Troyeville yomwe ino, kumene kale munthu wakuda sankaloledwa kugona pokhapokha kuseri kwa khitchini, lero chipinda chimodzi chimadulidwa ndi makatani kuti mugone mabanja angapo. Anthu amenewa sanathawe kwawo chifukwa chodana nako. Anasefukira, monga madzi amachitira mtsuko ukadzaza.

Agogo anu aakazi atamwalira, alongo awo anabwera kudzatenga thupi. Anati mwa lamulo lawo mkazi wokwatiwa amagona pakhomo pa mwamuna, koma popeza mwamunayo alibe khomo, amutenga mlongo wawo mwa chifundo. Ndinawaperekeza ku Natala, n'kubwerako ndekha.

Sipanapite zaka zambiri, anafika matenda aja amene anasesa anthu a msinkhu wapakati, kuno ndi kwathu komwe, mankhwala ake asanafike kwa anthu wamba. Tadala, iwe umawadziwa ndi dzina lake la m'mabuku. Ife tinkangoti matenda a masiku ano. Anamugwira Davite. Iwe Limbani unali utangoyamba sukulu, Tadala akuphunzira kuyenda, ndipo Lerato anali m'mimba mwa amayi anu. Ndinkamusambitsa ndekha, mwamuna wamkulu wopepuka ngati mtolo wa udzu. Tsiku lina masana, ndikumudzoza mafuta kumsana, anandiuza m'Chichewa chake chosakaniza:

"Baba, mukandigoneke kwanu kuja. Ndatopa kufunsidwa. Kumene kuja anthu amandidziwa."

Ndinamulonjeza. Atamwalira ndinayamba ndadziwitsa amalume ake ku Natala, monga ulemu ufunira. Anandiyankha mwaulemu womwewo kuti mlongo wawo anamutenga chifukwa ndi magazi a pakhomo pawo, koma mwanayu ndi wa ng'ombe zimene ndinapereka, ndi wa dzina langa, ndipo sangagone pakati pa makolo a dzina lina. Sindinadandaule, pakuti maso anga anali kale ku Dowa. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali asanafike kumudzi, choncho ndinatumiza uthenga wa maliro pa foni ya pasitolo ina yapamsika, kuti wanjinga akaufikitse kwa Nambewe. Yankho sindinadikire. Ndani anadikirapo yankho la uthenga wa maliro?

Anzanga a mumpingo anandithandiza mapepala ndi bokosi. Amayi anu sakanatha kuyenda ulendo wotere ali ndi pakati, ndipo ndinanyamuka ndekha pa minibasi yokoka ngolo. M'ngolomo munali katundu wa anthu amene ankatumiza kwawo: matiresi, mafiriji, njinga, zidebe za penti. Bokosi la atate anu analiika pansi, matiresi pamwamba, n'kumanga ndi zingwe. Amayi ena a malonda amene tinakwera nawo anandiimbira nyimbo za mpingo potuluka mumzinda, koma ulendo unatalika, ndipo nyimbo zinatha, n'kuyamba nkhani za mitengo ya zitenje. Sindinawaimbe mlandu. Pamalire aliwonse ndinkatsika ndi mapepala, asilikali ankakweza matiresi ndi kusuzumira, ndipo pa Tete, pamene dzuwa limawotcha ngati ng'anjo, ndinaima pafupi ndi ngolo ndi kupempha Mulungu kuti mankhwala oumitsa thupi agwire ntchito yake.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Inu simudziwa, koma kwathu pakagwa maliro amayala nthambi zamasamba pamsewu, uku ndi uku kwa mudzi, kuti wanjinga atsike ndi wachipewa avule, ndipo galimoto ya maliro ikamveka, akazi amaichingamira akulira. Ine ndinayang'ana pamsewu, ndipo panalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Ndinadziuza kuti wanjinga uja sanafike. Koma titaima pabwalo ndinaona anthu atakhala m'makonde mwawo, ali chete, akutiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti uthenga unafika.

Woyendetsa minibasi anali ndi katundu wa midzi ina, ndipo sakanatha kudikira. Bokosi analitsitsa, ndipo popeza panalibe nyumba imene inatsekula chitseko, akulu a mpingo analilowetsa m'katchalitchi ka pamudzipo, pakuti tchalitchi sichifunsa za amayi a munthu.

Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe ya Nambewe. Mlongo wangayo anali atakalamba, maso akuchita khungu, ndipo wolankhula anali mwana wake wamkazi wamkulu, Eneresi, amene tsopano ankasunga banja lonse. Anandigwadira, nandipepesa imfa, nandifunsa za ulendo. Kenaka anafotokoza, maso ali pansi, kuti manda sanakumbidwe. Anati matenda omwe aja anadzaza manda a mudzi m'zaka zochepa, kuti mbali ya banja lathu yatsala pang'ono kutha, ndi kuti minda yazinga msitu mbali zonse, ndipo palibe mwini munda amene angalole kutaya ngakhale mzere umodzi. Anati chifukwa cha ichi mudzi unagwirizana kuti aliyense azikagona kwa amayi ake, monga mwa mwambo, ndipo posachedwa anabweza mwana wa mwamuna wina wa pamudzi pomwepo. Akalandira wanga, abale a uja adzabwera kudzafunsa. Anamaliza ndi kunena kuti Davite anali mwana wokondedwa, koma kwawo ndi kwa amayi ake.

Ndinawauza kuti kwa amayi ake ananena kuti kwawo ndi kwa atate ake. Eneresi anati zimenezo ndi za Azulu, iye sangazidziwe.

Ndinatembenukira kwa Nambewe, n'kumukumbutsa za munthu wogulitsa mchere amene anafera panjira tili ana, munthu wosadziwika dzina kapena mtundu, amene makolo athu anamusambitsa ndi kumugoneka pakati pa abale athu. Ndinafunsa ngati mwana wa mlongo wake wachepa kuposa wamchere uja. Nambewe anati:

"Achimwene, mwambo unalipo ndi nthawi imeneyo, koma unkagona. Waudzutsa ndi kuchepa kwa malo."

M'mawa mwake anabwera Zakeyu, mkulu wa okumba manda, mnzanga wa ubwana amene tinakwera naye sikelo tsiku limodzi. Iye anabwerera joini itatha, ndi njinga ndi chifuwa chimene sichinamusiye. Anandipatsa moni wake wakale, wonditcha mtchona wopanda mchira, nandiseka kuti ndanenepa ndi mkate wa azungu pamene iye wauma ngati chiwala, koma kuseka kwake kunathera m'kutsokomola. Anandiuza kuti nditsatire, ndikaone ndi maso anga, ndisadzanene kuti mbumba yanga ndi youma mtima. Tinalowa mumsitu. Mitumbira inali yothithikana moti tinkayenda chammbali, ndipo yambiri inali yatsopano, dothi lake lofiira. Zakeyu ankaloza ndi ndodo ndi kutchula mayina, ndipo ambiri anali ana amene ndinawasiya akuyamwa. Anandiuza kuti masiku ano akamakumba, khasu limakumana ndi amene anagona kale, ndipo amangopepesa, n'kukwirira, n'kusendera pang'ono. Chimanga cha eni chinali chitafika mpaka pamizu ya mitengo yam'mphepete. Pafupi ndi mtumbira wa amayi anga panali kampata, ndipo Zakeyu anangokapitirira.

Titabwerera, banja linasonkhananso kuseri kwa nkhokwe, pamodzi ndi Zakeyu ndi akulu ena. Dzuwa linali likukwera, ndipo aliyense ankadziwa kuti thupi layenda ulendo wautali ndipo silingadikirenso. Ena anayamba kunena zoti ndipite nalo kumanda a kutauni, kumene amagoneka osowa abale. Pamenepo ndinafunsa Eneresi:

"Kodi ine ndikafa, mudzandilandira?"

"Atsibweni, funso lotani limenelo? Inu ndinu mwini mbumba. Inu mudzagona pafupi ndi agogo."

"Ndiye malo amenewo mupatseni mwanayu. Ine ndawasiya."

Munthu sagawa manda ake ali moyo. N'kudziitanira tsoka, ndipo akulu ena anayang'ana kumbali. Nambewe analira, osati mokweza, nandifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikuchita, kuti ndikudzidula kwa mayi amene anatiyamwitsa, kuti tinatsala awiri ndipo iye ankayembekeza kuti tidzagona awiri. Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Zakeyu ndiye anamasula mfundo. Anati iye ndi wokumba chabe, koma monga akuonera, dzenje limene likanakumbidwa ndi limodzi, ndipo lidzakumbidwa limodzi. Mudzi sutayapo kanthu, ndipo abale a mwana anabwezedwa uja akadzafunsa, adzauzidwa kuti nawonso abweretse munthu wosiya malo ake.

Eneresi anavomera, koma anaika mawu ake pamaso pa mboni. Anati nkhani ithere pomwepo: ine ndisadzabwerenso m'bokosi, ndipo ana a Davite asadzapemphe pamudzipo manda, munda kapena malo omanga, pakuti munthu akagoneka atate ake pamalo, mawa amabwera ndi njerwa. Musamuone ngati mfiti, ana inu. Pamene ankanena zimenezi, ana ake aakazi anali atakhala kumbuyo kwake, wina ali ndi mwamuna ndi khanda koma akugonabe m'khitchini ya mayi wake posowa pomanga, ndipo winanso panalibe, pakuti anali atanyamuka kale kubwera kuno ku Joni. Mayiyo ankateteza ana ake monga ine ndinkatetezera wanga. Ndinavomera pamaso pa onse.

Nthawi yomweyo anyamata anathamanga kukathyola nthambi, naziyala pamsewu. Akazi anayamba kulira, ndipo kunali kulira kwenikweni, pakuti ambiri ankamukumbukira mwana uja wa nzimbe. Bokosi linachoka m'tchalitchi kulowa m'nyumba ya Nambewe, mpingo unaimba, ndipo dzuwa lisanalowe atate anu anagona pambali pa amayi anga, agogo awo amene anawaona kamodzi. Chimene ndinamulonjeza ndinachita, ndipo akanati ndibwereze, ndikanabwereza.

Tsopano Nambewe anapita, Zakeyu anapita, ndipo ndikumva kuti msitu uja anautseka. Eneresi alipo, wakalamba, ndipo mawu aja sanawaiwale. Angaiwale iye, mboni zinauza ana awo. Ndiye Limbani, mdzukulu wanga, yankho ndi ili. Pita ukaone, ndipo ndikukulimbikitsa kutero. Upite nyengo yachilimwe, utenge khasu, ukalambule pamtumbira wa atate ako. Adzakulandira ndi manja awiri, adzakutcha mwana wathu, ndipo sadzakhala akunama. Koma mlendo ndi mame. Tsiku limene udzafunse pomanga, nkhope zidzasintha, ndipo udzauzidwa mwaulemu wonse kuti kwanu ndi kwa amayi ako. Ukapita kwa amayi ako, Asuthu, adzakuuza mwaulemu womwewo kuti ndiwe wa kwa atate ako. Mitundu iwiri yonseyi ndi ya anthu abwino, ndipo uliwonse ukukupereka kwa unzake. Anyamata a pamudzi umene ukufuna kuthawirako ndi omwe ukuwaona akutsika basi kuno ndi kachikwama kamodzi.

Usagwetse nkhope choncho. Sindinakuitane kuti ndikulande mudzi n'kukusiya m'manja muli mbee. Makolo athu ankati malo sakhala mudzi chifukwa cha nyumba, pakuti nyumba ndi msasa chabe. Amakhala mudzi tsiku limene anthu agonekapo munthu wawo woyamba. Banja lathu lamwazika: agogo anu aakazi ku Natala, atate anu ku Dowa, ndipo mumzinda uno, mmene inu munabadwira, mulibe wathu ndi mmodzi yemwe pansi pa nthaka. Sindikukulonjezani kuti dziko lino lidzakukondani. Ndakhalamo zaka zonsezi ndipo silinandikondepo. Koma lilibe kwina kokutumizani, ndipo inunso mulibe kwina kopita.

Choncho ine ndikatsinzina, musavutike ndi ngolo ndi mapepala a pamalire. Mundigoneke kuno, kumanda a mzinda. Ndinafunsa kale kwa abusa, ndipo anandiuza kuti kunonso malo akuchepa, moti amalola anthu a banja limodzi kugona m'dzenje limodzi, wina pamwamba pa mnzake. Kwathu chimenechi chikanakhala chonyansa, ndipo amayi anga akanatseka makutu. Ine ndachivomera. Lerato, wamva zonse, kapena mkulu wako akubwerezere? Tadala, pukuta maso, sindikufa lero.

Koma iwe Limbani, popeza ndiwe wamkulu, tsiku limenelo ukaime pafupi ndi okumbawo. Ukawauze kuti nkhalambayi ili ndi anthu ake akubwera m'mbuyo, akumbe mozama.